Oima pa Khonde la Siteshoni ya Skelbeck

Ku Skelbeck palibe munthu wamkulu amene sadziwa Mayi Beryl Sugden. Anagawa chakudya chamasana kusukulu ya pulaimale kuyambira ali mtsikana mpaka mawondo atayamba kukana, moti woyendetsa basi, wogulitsa nyama, ngakhale namwino wa kukiliniki, onse anaimapo patsogolo pawo atagwira mbale, n'kuuzidwa kuti kabichi sabweza. Sanali olankhulalankhula. Ankangoyang'ana. Mwana amene wachoka kwawo osadya ankamudziwa ndi kagwiridwe kake ka supuni, ndipo mbatatesi yachiwiri inkagwera m'mbale mwake popanda mawu.

Amuna awo, a Clifford, ankakonza makina kufakitale ya nsalu zaubweya, ndipo fakitale itatsekedwa ankakonza mawotchi a anthu patebulo la kukhitchini. Mwayi wa ana sanakhale nawo. Chimene a Clifford anali nacho ndi kalabu ya tisitima toseweretsa. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, akatha kudya madzulo, ankatenga chipewa pamsomali n'kunena kuti, "Ndapita kunjanji." Mayi Beryl ankayankha kuti, "Musakagundidwe," ndipo nthabwala imeneyo inawakwanira ukwati wonse.

Njanji yeniyeni inazulidwa Mayi Beryl akadali namwali. Pamene panali siteshoni lero ndi poimika magalimoto. Koma azibambo a kalabu anaimanganso siteshoniyo pamatabwa, m'chipinda cha kuseri kwa holo ya tchalitchi, mmene inalili chaka chake chomaliza: mlatho, nyumba zamiyala zodetsedwa ndi utsi, chumuni cha fakitale, nkhosa kuphiri. Kamodzi pachaka, mu Novembala, ankatulutsa matabwawo n'kuwalumikiza m'holo kuti anthu adzaone tisitima tikuyenda. Mwambo wawo tauni yonse inkaudziwa. Munthu wa m'kalabu akamwalira, kapena mkazi wake, kapena mwana wake, ankakonza kamunthu kotalika ngati theka la kamtengo ka machesi, n'kukapenta zovala zimene malemuyo ankakonda, n'kukamata ndi guluu pakhonde la siteshoni pamene anthu amadikirira sitima. Wamoyo sankaima pakhondepo. Ndipo womata ankakhala wamasiye mwini wake, tsiku lachionetsero, anthu akuona.

Wopenta tianthuto anali a Clifford.

Mayi Beryl anali asanapiteko ndi kamodzi komwe. Zaka zoyamba sankafuna okha. Fungo la penti linkawakwana la m'malaya ochapa. Koma chidwalire chibayo chija chimene chinangotsala pang'ono kuwatenga, a Clifford ndiwo ankawapezera kopita. Sabata yachionetsero ikafika ankawagulira tikiti ya basi kuti akapitidwe mphepo kwa mchemwali wawo kunyanja. "Mukaonako chiyani kumene kuja? Nkhalamba zikuseweretsa zidole. Pitani mukapume." Mayi Beryl ankati n'chikondi. Matenda aja anawasintha a Clifford. Anasiya kukangana nawo. Ankawatsegulira chitseko ngati mlendo. Nthawi zina Mayi Beryl akatembenuka posenda mbatatesi ankawapeza akuwayang'ana kumsana, n'kuthawitsa maso. Anzawo a kukalabu nawo akakumana ndi Mayi Beryl mumsewu ankavula zipewa, zimene sankachitira mkazi wina aliyense m'tauni.

A Clifford anamwalira mu Epulo, ali pampando wawo, wailesi ikulira. Novembala atayandikira, Mayi Beryl anayamba kudikira. Ankadziwa kuti wapampando wa kalabu, a Trevor Illingworth, amafika okha pakhomo pa wamasiye kudzamuitana. Anatsuka makapu a alendo. Anagula mabisiketi. A Trevor sanabwere. Nkhani anakaimvera kubutchala, kwa mayi wokulunga nyama.

"Ndiye Loweruka tikuonani, Mayi Sugden? Akuti akuimika a Clifford."

"Mundiona," anatero, n'kutenga soseji wawo.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza imene simveka padenga koma imalowa mpaka m'mafupa. Mayi Beryl anavala chikhothi chakuda cha pamaliro, nanyamuka atatha kudya masana. Mwamuna anali wawo. Ngati pali woti amuimike pakhonde lija, anali iwo.

Pakhomo pa holo panali katebulo, ndipo pamenepo panakhala a Arnold Pickles, nkhalamba yogontha khutu limodzi, akugulitsa matikiti. Atakweza maso anadzuka theka, n'kukhalanso.

"Aa! Mayi Sugden! Ine ndimati muli kunyanja."

"Wondigulira tikiti ali kumanda, a Pickles. Ndipatseni imodzi."

"Iyayi, inu simungalipire."

"Ndilipira. Mungadzanene kuti ndinakudyerani."

A Pickles anang'amba tikiti mokhotakhota. "Kodi a Trevor akudziwa kuti mwabwera?"

"Pitani mukawauze. Kapena nanunso anakumatani pampandopo?"

A Pickles sanaseke. Anangoyang'ana chitseko chamkati ngati mwana amene wasiya mpopi ukutuluka madzi.

M'holo munali fungo la zikhothi zonyowa, mafuta a makina ndi fumbi lotenthedwa ndi magetsi. Anthu analimo ambiri koma ankalankhula motsitsa, ndipo pansi pa mawu awo pankamveka kaphokoso kosalekeza, kuti tsiii, ngati mchenga ukutsanulidwa papepala. M'mbali mwa makoma munali matebulo a makalabu obwera kuchokera kumatauni ena. Ana anali ataima pamabokosi kuti aone. Kumapeto kwenikweni, kuseri kwa chingwe, kunali Skelbeck wa pamatabwa, ndipo pamwamba pa thambo lake lopenta pankatulukira mitu ya azibambo ovala majuzi otuwa, ikuyang'ana pansi ndi magalasi otsetserekera pamphuno.

Asanafikeko, dzanja linawagwira pachigongono. Anali alamu awo, a Mavis, mlongo wa a Clifford, amene chaka chilichonse ankagulitsa tiyi pawindo la khitchini ya holo.

"Alamu! Mayo ine, mwandidzidzimutsa. Bwerani kuno, tiyi ndangothira kumene." Anawakokera m'khitchini n'kutseka chitseko ndi phazi. "Khalani apa. Kekeyi ndaphika ndekha, musanyoze."

"Ndinyoza ndikalawa. Alamu, bwanji sanandiitane?"

"Amuna ajawa? Mitu yawo ndi ya utuchi ngati mapiri awo omwewo. Aiwala basi."

"A Trevor saiwala. Nambala ya sitima imene inadutsa tsiku la ukwati wawo amaitchula mpaka lero. Ndiye akumata ndani?"

A Mavis anapukuta tebulo louma kale. "Akuti ine. Poti ndine mlongo wake."

"Mkazi wake ali moyo."

"Ali moyo, inde." Tiyi anatayikira m'sosala. "Ali moyo, tithokoze Mulungu. Alamu, imwani tiyiyu, ndikuperekezeni kubasi. Mawondo anuwo ndi chinyontho chino sizigwirizana. Ine ndibwera madzulo ndidzakufotokozereni zonse mmene zayendera."

Mayi Beryl anagwira ntchito ndi ana moyo wawo wonse, ndipo nkhope ya munthu amene wabisa kabichi m'thumba ankaidziwa. Anaika kapu pansi osamwa, natsegula chitseko.

Anayambira kumapeto kwa matabwa, kuphiri. Panali phanga la njanji, lakuda bii. Kenako mlatho, fakitale, msewu waukulu. Anaona sukulu yawo, ndi chitseko cha khitchini, ndi migolo ya zinyalala pamalo pake penipeni. Anaona msewu wa kwawo ndi nyumba yawo, makatani otseka theka mmene amatsekera. Zonse zinali zoona kuposa tauni imene anaisiya panja. Koma m'misewu munalibe munthu. Pazitseko, pamlatho, pabwalo la sukulu, panalibe ndi mmodzi yemwe. Anthu onse a Skelbeck ameneyu anali pakhonde la siteshoni.

Anawerama pachingwe. Anazindikira a Dyson onyamula makalata, ndi chikwama chawo. Anazindikira akazi a a Trevor, ndi ambulera yofiira. Anazindikira kamwana ka a Hirst kamene kanamira padamu la fakitale; ankakapatsa mbatatesi yachiwiri. Palibe amene ankayang'ana mnzake. Onse anali atatembenukira kuphanga.

Chakumapeto, pansi pa kanyali, panaima kamayi kovala chikhothi chobiriwira ndi mpango wachikasu. Kanali katatsamira mwendo wamanzere, katagwira chikwama ndi manja onse awiri pamimba. Pambali pake panali malo opanda munthu, ngakhale kwina konse anthu anali othithikana.

Mayi Beryl anayang'ana manja awo. Anali atagwira chikwama pamimba, onse awiri. Anawatsitsa.

Penti ya kamayiko inali itazilala, ndipo pamapewa pake panali fumbi lokhazikika limene burashi sichotsa. Sikanaimikidwe chaka chino.

"Mayi Sugden." A Trevor Illingworth anali atatuluka kuseri kwa thambo lopenta. Anali munthu wamtali, mkulu wa mpingo, wolankhula ngati akuwerenga zolengeza. Tsopano mawu awo anali aang'ono. "Mwatilemekeza pobwera. Tikanadziwa, bwenzi titakukonzerani mpando."

"Uyo ndani?"

"Uti?"

"Musandiyese mwana, a Trevor. Wa chikhothi chobiriwira."

"Aa, ameneyo ndi mayi wina chabe. Wodzazira malo."

"Pakhonde panu pali odzazira malo? Ndibwerekeni galasi lanulo."

A Trevor anali ndi galasi lokulitsa zinthu lolendewera pakhosi. Analivula pang'onopang'ono. Mayi Beryl anakweza chingwe n'kulowa mkati, ndipo palibe anawaletsa. M'galasimo kamayi kanakula mpaka nkhope yake inaoneka: timadontho tiwiri ta maso, kamzere ka pakamwa kotsekedwa. Chikhothi chinali ndi mabatani anayi. Atatu anali obiriwira, lachitatu kuchokera pamwamba linali lakuda. Batani limenelo analisokerera okha Mayi Beryl, atasowa lofanana nalo, sabata imene anayamba kutsokomola.

"Liti?" anafunsa, osachotsa diso pagalasi.

A Trevor anayang'ana anzawo. Mitu yonse ya pamwamba pa thambo inali itaweramira njanji.

"Nthawi ya chibayo ija," anatero. "Tsiku limene adokotala anawauza a Clifford kuti aitane abale. Anabwera kuno molunjika, asanapite n'kunyumba komwe. Sanalankhule ndi munthu. Anakhala pabenchi yawo n'kuyamba kupenta. Ife tinkati akukonzeratu, asunga m'chitini. Munthu akamalira simumufunsa. Titatembenuka tinapeza amata kale."

"Ine ndikadali kupuma."

"Mukupuma, mayi. Ndiye kutacha munatsegula maso n'kupempha tiyi."

A Mavis anali atafika kumbuyo kwawo, akupotokola kansalu kopukutira mbale. Mayi Beryl sanatembenuke.

"Alamu, tsiku limene lija wina anandigwira dzanja. Ndakhala ndikuuza anthu kuti chinandibweza ndi dzanja la Clifford."

"Linali langa, alamu."

"Ndipo munangondisiya ndizinena."

"Nanga ndikanati chiyani? Mumanena pamaso pake, iye ali pompo akuyang'ana m'kapu."

Kasitima konyamula malasha kanadutsa pakati pawo, tsiii, n'kulowa m'phanga. Mayi Beryl anakatsatira ndi maso mpaka kanyali kake kofiira katazimirira.

"Nditachira bwanji simunandichotse?"

"Tinawauza," anatero a Trevor. "Ine ndemwe ndinawapatsa kampeni. Anakana. Anati, 'Ameneyu waima m'malo mwa Beryl. Akamadikira uyu, winayo amusiya.' Tinaseka, mayi, kuti tiwachotse mantha. Koma chaka chinatha muli bwino, china chinatha muli bwino. Kenako panalibenso wofuna kukhala woyamba kukhudza."

"Inu, mkulu wa mpingo?"

"Sindikuti ndimakhulupirira." A Trevor anayang'ana pakhonde lija. "Ndikungoti palibe amene anachotsedwapo pakhondepa. Sitidziwa."

"Ndiye n'chifukwa chake munkandivulira zipewa. Ine kumati ulemu."

"Ulemu unalipo," anatero a Pickles, amene anali atasiya matikiti. "Ine ndinkakupukutani fumbi chaka chilichonse, Mayi Sugden, ndi burashi yofewa kuposa ya onse."

"Khalani chete, a Arnold," anatero a Mavis.

Belu la pamanja linalira kumbuyo kwa holo. Inali nthawi imene anthu ambiri amabwerera: amazimitsa magetsi a m'holo, n'kuyatsa tinyali ta m'tauni ya pamatabwa, ndipo wamasiye amaimika malemu wake. Wozimitsa sanadziwe zimene zinkachitika kutsogolo. Anangozimitsa.

Mdima unagwa, ngakhale panja kunali kusanade. Makatani a holo anali okhuthala. Ana anafuula kamodzi n'kukhala chete. Kenako tinyali tinayamba kuyaka, mumsewu waukulu, pamlatho, m'mawindo a nyumba zopanda anthu. M'nyumba ya a Sugden munayaka kukhitchini. Pakhonde la siteshoni kuwala kunali kwachikasu, ndipo kamunthu kalikonse kanatulutsa chithunzithunzi chachitali kuposa mwini wake. Anthu amoyo anasendera kuchingwe, nkhope zawo zikuwala kuchokera pansi ngati za anthu osuzumira m'chitsime.

A Trevor anatulutsa chitini cha fodya m'thumba la juzi. Anayang'ana a Mavis. A Mavis anabisa manja kumbuyo.

"Bweretsani," anatero Mayi Beryl.

M'chitinimo, pathonje, munagona a Clifford. Chipewa chawo chotuwa, jekete la zigamba m'zigongono, msana wowerama pang'ono.

"Wapenta ndani?"

"Eni ake. Kalekale. Anatisungitsa."

Mayi Beryl anawanyamula ndi kachitsulo kopanira tinthu ting'onoting'ono, nawayandikiza kukuwala. Mkono wamanja wa kamunthuko unali wopinda, chigongono chitatuluka kunja, mmene mwamuna amachitira kuti mkazi akolekepo dzanja. Anayang'ana malo opanda munthu aja pambali pa kamayi. Anali okwanira ndendende.

Anaganiza za matikiti a basi aja. Anaganiza za munthu amene anakhala nawo nyumba imodzi zaka zonsezo, akuwatsegulira chitseko, osawatsutsa ngakhale atalakwa, ngati mmene sititsutsira munthu wongobwerekedwa. Iwo ankaphika, kuchapa, kudwala chimfine n'kuchira, kupita kunyanja n'kubwerako, ndipo nthawi yonseyo anali ataima pano, pakati pa a Dyson ndi mwana womira, atatembenukira kuphanga.

"Kampeni kaja mukadali nako, a Trevor?"

"Mayi Sugden, chonde."

"Alamu, musatero," a Mavis ananong'ona. "Mwakhala bwinobwino zaka zonsezi. Chikulakwika n'chiyani? N'kachidole chabe."

"Ngati n'kachidole chabe, mukunjenjemera chiyani?"

"Ndatsala ndi inu nokha. Ndizikangana ndi ndani?"

Mayi Beryl anawayang'ana alamu awo. Mantha anali nawo iwonso eni ake. Koma anatambasula dzanja, ndipo silinatsike mpaka a Trevor ataikamo kampeni kakang'ono kakuthwa ngati lezala.

Anabweza a Clifford m'chitini. Anawerama pamwamba pa madenga, mkono wa chikhothi chawo chakuda utaphimba msewu wonse. Ndi zala ziwiri anagwira kamayi pamapewa. Kanali kozizira. Analowetsa nsonga ya kampeni pansi pa mapazi ake. Guluu wa a Clifford anali wa munthu wokonza makina. Kampeni kanaterereka, kanatererekanso. Anakanikiza.

Kunamveka kuti thyo, ngati kamtengo ka machesi.

Kamayi kanatsalira m'zala zawo, kothyoka mu akakolo. Pakhonde panatsala tinsapato tiwiri tofiirira, toyang'ana kuphanga.

M'holo monse munalibe wotsokomola. Alendo ochokera kutali sankadziwa chimene achiona, koma anaona kuti azibambo onse a majuzi asiya njanji zawo ndipo akuyang'ana mayi wachikulire wa chikhothi chakuda. A Mavis anali atawagwira lamba kumbuyo. A Pickles anali atakoka mpando n'kuuika pafupi. Onse ankadikira.

Mayi Beryl anamvetsera m'chifuwa mwawo. Mtima unkagunda mofulumira, koma unkagunda. Anapuma, mpweya unalowa mpaka pansi. Anapumanso.

"Chotsani mpandowo, a Pickles, wina angapunthwe. Guluu ali kuti?"

A Trevor anawapatsa. "Nsapatozo tipale?"

"Zisiyeni. Mungawononge khonde."

Anadontheza guluu pansi pa mapazi a a Clifford, nawaimika pamalo awo, pambali pa tinsapato. Anawagwirizira mpaka atalimba, mmene anaonera a Clifford akuchitira ndi zinthu zothyoka zapakhomo. Atachotsa kopanira, a Clifford anaima okha pansi pa kanyali, chigongono chili kunja, popanda wokolekapo dzanja.

Mwambo unkati pamenepo pabwere sitima ya anthu. Amene anali pamabatani anayang'ana a Trevor, a Trevor anagwedeza mutu. M'phanga munaoneka kadontho ka kuwala. Kasitima kanatuluka pang'onopang'ono, mawindo onse akuyaka, mipando yonse yopanda munthu. Kanaima pakhonde. Kanakhalitsa kuposa mmene Mayi Beryl ankayembekezera, khomo limodzi litayang'anizana ndi tinsapato tija. Kenako kananyamuka, kanawoloka mlatho, n'kupita kuseri kwa phiri.

Magetsi atayaka, anthu anaomba m'manja mosadziwa ngati n'koyenera. Mayi Beryl anakulunga kamayi m'kampango ka m'manja n'kukaika m'chikwama. Anabwerera kukhitchini, anamwa tiyi uja wozizira, analawa keke.

"Mwachulutsa soda," anatero.

A Mavis anawaperekeza mpaka pakhomo pawo, osati kubasi kokha. Njira yonse ankayenda chakumbuyo pang'ono, manja ali chire, ngati woyenda ndi mwana wongophunzira kumene. Powoloka poimika magalimoto paja anawagwira mkono. Mayi Beryl anawalola.

Kunyumba anayesa kukaimika kamayi pashelefu, koma popanda mapazi kankagwa. Anakatsamiritsa kuchitini cha shuga, kuyang'ana kuchitofu.

Mmawa mwake foni inalira asanathire madzi m'ketulo. Ataiyankha, mbali inayo kunangomveka kupuma.

"Ndadzuka, alamu," anatero.

"Ayi, ine ndimangofuna kufunsa za soda uja."

"Ndadzuka. Muwauzenso a Trevor."

Tsiku lotsatira anaimba a Trevor, kufunsa ngati anaiwala ambulera m'holo. Linalo a Pickles, amene pafoni samva bwino. Anangofuula dzina lawo, atamva mawu n'kudula. Mpaka lero amasinthana, ndipo aliyense amabwera ndi chifukwa chake. Mayi Beryl sawakalipira. Amadzuka, amatsegula makatani theka, amatereka ketulo, n'kukhala pafupi ndi foni. Tsiku lina ikachedwa kulira, amapezeka kuti aima pakati pa khitchini atatsamira mwendo wamanzere, akumvetsera, ndipo amadzikakamiza kukhala pansi.